Kodi Muviwu Akuponya Ndani?

Anthu ophunzira akafuna ndalama zochitira kafukufuku masiku ano, amayamba ajambula kaye mabokosi. Bokosi loyamba limakhala kumanzere kwa pepala, ndipo mkati mwake amalembamo kuti kafukufuku wachitika. Kuchoka pamenepo, muvi umaloza bokosi lachiwiri: lipoti latuluka. Muvi wina: akuluakulu a boma adziwa. Winanso: ndondomeko ya boma yasintha. Kumapeto kwenikweni, kumene pepala lathera, kuli bokosi langa ine: umphawi wachepa. Chithunzi chimenechi amachitcha theory of change, ndipo mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene amagwira ntchito kubungwe lina lofufuzafufuza ku Lilongwe, akuti ukapanda kuchijambula palibe angakupatse ngakhale tambala.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndimalima chimanga ndi mtedza, ndipo ndili ndi kaokala kogulitsa sopo, mchere ndi mayunitsi. Mafunso anga akaoneka achibwana, a madigiri andikhululukire. Safunsa anadya phula, ndipo poti bokosi lomalizalo likunena za ine, ndaona kuti si mwano kufunsako njira imene zabwinozo zidzadzere pobwera kwathu.

Mabokosiwo sanandivute. Kafukufuku ndimamudziwa, amabwera pa galimoto yoyera, anyamata ndi atsikana a matabuleti m'manja, n'kutifunsa kuti tadya kangati dzulo, mbuzi tili nazo zingati, denga ndi la udzu kapena la malata. Lipotinso ndikulidziwa, ndi buku. Chimene chinandiimitsa mutu ndi mivi. Pakati pa lipoti latuluka ndi akuluakulu adziwa pali kamzere kosaposa chala changa chaching'ono. Kodi kamzereko ndi munthu? Ngati ndi munthu, dzina lake ndani? Lipotilo amakalisiya pa tebulo la yani ku Capital Hill? Nanga mwini tebuloyo amaliwerenga nthawi yanji, poti ndikatsegula wailesi ndimamva kuti ali kumsonkhano kunyanja, mawa akutsegulira mlatho, mkuja akuperekeza bwana wake kubwalo la ndege?

"Amalume, funso lanulo si lachilendo," anatero mwanayo. Anandiuza za mayi wina wa ku America, Carol Weiss, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Harvard. Mu 1995 mayiyu analemba kuti ntchito zambiri zachitukuko zimavuta kuziyeza ngati zaphula kanthu chifukwa eni ake sanena poyera zimene akuganiza kuti zichitika pakati pa poyambira ndi pothera. Langizo lake linali lakuti alembe sitepe iliyonse, ndi chifukwa chimene akukhulupirira kuti yotsatirayo ichitikadi, kuti zikadzalephereka anthu adzaone pamene panaterera. Cha m'ma 2010, mabungwe opereka thandizo, monga DFID ya ku Britain, anayamba kufuna chithunzichi pa mapempho a ndalama, ndiye chinafalikira paliponse. Koma mayi yemweyo, kale zaka za m'ma 1970, anali atafufuza mmene akuluakulu a boma la kwawo amagwiritsira ntchito kafukufuku, ndipo anapeza kuti si kawirikawiri munthu kuwerenga lipoti limodzi n'kusintha ndondomeko. Maganizo amalowerera pang'onopang'ono, kwa zaka, mpaka wolamulayo amayamba kuwalankhula ngati ake, osakumbukanso kumene anawatola.

Ndiye ngati mwini wake ananena yekha kuti zinthu siziyenda mumzere, ophunzira ake akujambuliranji mzere? Mwanayo anati mzere umakwana bwino pa tsamba limodzi, ndipo opereka ndalama amafuna tsamba limodzi.

Ndinamupempha kuti andiuze nkhani ya kuno kwathu, imodzi yokha, pamene muvi unaponyedwa n'kulasadi. Anasankha ya malungo, ndipo imeneyo ndinkaidziwako ndi thupi langa. Amene tinalipo zaka za m'ma 1980 timamukumbukira kololokwini, kuwawa kwake mkamwa ndi kuyabwa kwa thupi lonse usiku. Nthawi imeneyo mankhwalawa anali atayamba kufooka. Mwana amamwa, thupi n'kuzizira, koma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri malungo abwereranso, magazi akutha m'thupi. Madokotala a Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi akatswiri a bungwe la CDC la ku America, ankayeza ana m'zipatala kuti aone mmene mankhwala akugwirira ntchito. Ku Mangochi, kuyambira 1987 mpaka 1990, kunachitika kafukufuku wamkulu wa malungo mwa amayi oyembekezera, ndipo mmodzi mwa otsogolera anali Dr Jack Wirima. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba kuno kummwera kwa Sahara kusiya kololokwini n'kuika SP, uja timati Fansidar, ngati mankhwala oyamba a malungo. Chaka chomwecho amayi oyembekezera anayamba kulandira SP kusikelo.

Nkhani yokoma. Koma lipotilo linayenda bwanji mpaka kukafika kwa olamula? Anati silinayende mtunda wautali ayi. Funso lenilenilo, lakuti kodi mankhwala athuwa akuchizabe, linachokera ku unduna komweko, ndipo anthu amene ankayeza anawo ndi amene ankalemba malangizo a kachizidwe ka malungo ankakumana m'komiti imodzi.

"Ukutanthauza kuti a m'bokosi loyamba ndi a m'bokosi lachitatu anali anthu amodzimodzi?"

"Ambiri a iwo, eya."

"Nanga pa pepala lakoli, bwanji aboma akutulukira pa bokosi lachitatu, ntchito itatha kale? Funso limene mukufufuzali anakufunsani ndani?"

Anayankha kuti funsolo linachokera kwa opereka ndalama, amene analengeza kuti chaka chino akuthandiza kafukufuku wa nkhani zakutizakuti. Apa ndinangoti kaya. Kwathu munthu sumuyankha asanakufunse, ndipo ukamuyankha zimene anafunsa mnzake, amakuyang'ana n'kupitiriza ulendo wake.

Nkhani ya malungoyi ili ndi mchira umene unandidabwitsa koposa. Mu 2005, ofufuza anayesanso kololokwini pa ana ku Ndirande mu Blantyre, patatha zaka 12 chimusiyireni. Anapeza kuti wayambanso kugwira ntchito, akuchiza ana 99 pa 100 alionse, pamene Fansidar uja anali atafooka kwambiri. Zotsatirazi zinatuluka mu 2006 m'magazini yaikulu ya madokotala ku America. Ine ndinati basi, boma linabwerera kwa kololokwini, wotchipa uja. Ayi ndithu. Mu 2007 boma linasankha mankhwala ena otchedwa LA. Chifukwa chake n'chomveka ukachimva: m'mayiko oyandikana nafe tizilombo tosamva kololokwini tinali tikadalipo, udzudzu sufunsidwa pasipoti pa Mwanza kapena pa Mchinji, ndipo bungwe la WHO linali litalangiza kale kuti malungo azichizidwa ndi mankhwala awiri ophatikiza, osati amodzi paokha. Ndiye kuti kafukufuku akhoza kukhala woona, wosakayikitsa, wotchuka dziko lonse, koma boma n'kuchita bwino posamutsatira? Anati inde. Bokosi la zimenezo lili pati? Palibe.

Tsono pali nkhani ina imene mivi yake inayenda chobwerera m'mbuyo. Chisanafike chaka cha 2011, mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo ka HIV ankayenera kuyezedwa kaye chitetezo cha m'thupi, chija amati CD4, kuti adziwe ngati ayambe ma ARV a moyo wake wonse kapena angolandira mankhwala oteteza mwana. Malangizo a WHO a mu 2010 anapereka njira ziwiri, A ndi B, ndipo zonsezo zinkadalira kuyezako. Koma makina a CD4 kuno anali m'zipatala zochepa, ena owonongeka, ndipo mayi wa kumudzi amatha kubereka zotsatira zake zisanabwere. Akuluakulu a nthambi ya HIV ku Unduna wa Zaumoyo anangoti: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe ma ARV ndipo asadzasiyenso, CD4 kapena popanda CD4. Njirayi anaitcha Option B+, ndipo inayamba mu Julaye 2011. Panalibe kafukufuku wamkulu amene anali atayesa njira imeneyi, ndipo akatswiri ena akunja anaikayikira poyera. Chiwerengero cha amayi otere oyamba ma ARV chinachoka pa 1,257 m'miyezi itatu pulogalamuyi isanayambe, kufika pa 10,663 m'miyezi itatu ya pakati pa 2012. Mu 2013 WHO inalowetsa njirayi m'malangizo ake a dziko lonse lapansi. Ofufuza anabwera pambuyo, ndipo anapezadi zofunika kukonza, monga amayi ena amene amayamba mankhwala tsiku lomwe auzidwa kuti ali ndi kachilombo, koma osabwereranso kuchipatala.

Apa ndondomeko ndiyo inatsogola, kafukufuku n'kumathamangira m'mbuyo, ndipo muvi unachoka ku Lilongwe kupita kwa a WHO ku Geneva. Mwana wa mlongo wanga anandiletsa kunena kuti aboma anangolota. Akuti miyezi itatu iliyonse ankayendera zipatala zonse zopereka ma ARV n'kumalemba ziwerengero, ndiye ankadziwa bwino lomwe chimene zipatala zawo zingathe ndi chimene sizingathe. Ndavomera. Koma nzeru zimenezo zinali m'makaundula a m'zipatala ndi m'mitu ya anthu amene amayenda m'misewu ya fumbi. Kodi zimenezo zimawerengedwa ngati kafukufuku, kapena kafukufuku ndi yekhayo amene ali ndi chikuto chonyezimira ndi zizindikiro za mabungwe pansi pake?

Tibwere ku feteleza, poti iyi ndiye nkhani yanga, ndipo ndi imene bungwe la mwanayu likufuna kufufuza.

Mu 1998, nthawi ya a Muluzi, kunabwera Starter Pack, kaphukusi ka feteleza, mbewu ya chimanga cha haibulidi ndi mbewu ya mtundu wa nyemba, kokwanira kadimba kakang'ono, koperekedwa pafupifupi kwa mlimi wamng'ono aliyense. Ameneyu akuti anabadwadi kuchokera ku kafukufuku: akatswiri a zaulimi anali atayesa feteleza ndi mbewu m'minda m'dziko lonse, ndipo cholinga chawo chinali chakuti alimi azolowere njira zokolola zambiri kwa zaka zingapo. Patangotha zaka ziwiri, pulogalamuyi inachepetsedwa kuti izipita kwa osaukitsitsa okha, chifukwa ena mwa opereka thandizo ankaiona ngati chithandizo cha ovutika basi. Mwana anabadwa kwa ofufuza, koma anakaleredwa ndi ena, ndipo anakula mosiyana ndi mmene makolo ake ankafunira.

Kenako njala ya 2005. Mvula inadula, dziko linakolola chimanga pafupifupi matani 1.2 miliyoni okha, ndipo anthu pafupifupi 5 miliyoni anafunika chakudya chothandizira. A Bingu wa Mutharika anabweretsa makuponi, thumba la feteleza wa chimanga pa K950, ngakhale ambiri mwa abwenzi athu akufuna kwabwino sanagwirizane nazo poyamba. Mvula inagwa bwino zaka zotsatira, ndipo pofika 2007 ziwerengero za boma zinkati takolola matani oposa 3 miliyoni, ngakhale ofufuza ena anazikayikira ziwerengerozo. Mu 2009 a Bingu anapambana chisankho ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, ndipo thumba linatsika kufika pa K500.

Kuyambira pamenepo, akuti palibe pulogalamu ina m'Malawi muno imene yafufuzidwa ngati iyi. Malemu Pulofesa Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College ndi Andrew Dorward wa ku London anaitsata chaka ndi chaka, mpaka anatulutsa buku lathunthu mu 2013. Iwo sananene kuti ndi yachabe. Anati phindu lilipo, koma limadalira kuti feteleza afike mvula isanayambe, apite kwa oyenera, ndipo mtengo wake usameze bajeti. Chaka cha 2008/09, feteleza atakwera mtengo padziko lonse, pulogalamuyi inadya pafupifupi K16 pa K100 iliyonse ya bajeti ya dziko, ndipo zaka zambiri inkatenga zoposa theka la ndalama za Unduna wa Zaulimi. Kafukufuku wina anapeza kuti pa makilogalamu 100 alionse a feteleza wa kuponi, pafupifupi 22 ankangolowa m'malo mwa amene alimi akanagula okha ndi ndalama zawo. Ena anapeza kuti makuponi amakonda kugwera kwa opezako bwino kusiyana ndi osaukitsitsa, ndipo enanso kuti nthaka yathu yaguga, moti thumba limodzi silibweza chimanga chochuluka ngati mmene limayenera kubwezera. Malangizo awo akhala akufanana: chepetsani makuponi, ndalama zina zipite kwa alangizi, ulimi wothirira, kukonza nthaka, misewu ndi misika.

Ndiye akuluakulu sanadziwe? Anati anadziwa, malipoti analandira, kumisonkhano anabwera, ena mpaka anatsegulira misonkhanoyo ndi kuthokoza ofufuza chifukwa cha ntchito yotamandika. Nanga zinatha bwanji? Mu 2020 boma latsopano linabweretsa pulogalamu ya AIP, thumba pa K4,495, kwa mabanja oposa 3 miliyoni, yaikulu kuposa ija ofufuza ankati ichepe.

Bokosi lachitatu linadzaza ndithu, akuluakulu anadziwa. Muvi wopita ku bokosi lachinayi ndiwo unathyoka. Ndipo ine, wa Fomu 2, ndikudziwa chimene chinauthyola, chifukwa ndinalipo pamisonkhano ya kampeni ndipo ndinaomba nawo m'manja. Wandale amene angaime pa nsanja n'kunena kuti ndikuchotserani makuponi kuti ndilembe ntchito alangizi, ameneyo akagone. Pulofesa Blessings Chinsinga analemba kalekale kuti ndale za dziko lino zimazungulira pa chimanga ndi feteleza. Iyeyo mu 2022 anadzasankhidwa kukhala nduna ya maboma ang'ono, ndipo ndinafunsa kuti wofufuza akasanduka nduna timamuika bokosi liti, koma limenelo mwanayo anangoliseka.

Pansi pa chithunzi chake chija, m'timalemba ting'onoting'ono tofuna magalasi, panali mndandanda wa zinthu zimene akuti akungoyembekezera kuti zidzakhala choncho. Choyamba chinali chakuti boma lidzakhala ndi chidwi chogwiritsa ntchito zotsatira. Apa ndiye ndinasokonezekeratu. Nkhani yonse yagona pamenepo, ndiye aikeranji pansi, m'malemba aang'ono, ngati nambala ya foni ya wosindikiza? Mnyamata akafuna banja salemba pa pepala kuti ndamuona mtsikana, ndamulembera kalata, tsono ndikungoyembekezera kuti kwawo avomera. Amayamba wafufuza kuti mwini mbumba ndani, amalume ake amamvera yani, anakana kale angati ndipo anawakaniranji. Akatero amafuna ankhoswe odziwa kulankhula, amene kumudziko akalowa amawayalira mphasa. Kalata ija ndi ntchito yaing'ono. Kodi nkhoswe wa lipoti lanu ndani?

Anandiuza kuti odziwa bwino ntchitoyi amanena zomwezo. Bungwe lina la ku London, ODI, lakhala likuphunzitsa ofufuza kwa zaka zambiri kuti asamalembe kuti boma lidziwa, chifukwa boma si munthu. Azilemba kuti ndani kwenikweni: mlembi wamkulu wa unduna, mkulu wa nthambi yokonza mapulani, wapampando wa komiti ya zaulimi ku Nyumba ya Malamulo, a ku Unduna wa Zachuma amene amagwira chikwama. Pa aliyense azifunsa kuti akufuna chiyani, akuopa chiyani, amamvera yani, ndipo tikufuna kuti ayambe kuchita chiyani chimene sachita lero. Azidziwanso nyengo. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndipo nduna ya zachuma imayendayenda kumva maganizo a anthu bajeti isanalembedwe. Lipoti lotuluka mu Meyi lasemphana ndi basi, lidikire chaka chamawa, ndipo pofika chaka chamawacho mlembi wamkulu amene munamuzolowera uja mwina amusamutsira ku unduna wina.

Zimenezo ndinazimva ndipo zinandikomera. Chithunzi cholembedwa motero chingathandizedi munthu, chifukwa chimamukakamiza kuvomera kuti sakumudziwa aliyense ku Unduna wa Zachuma, ndipo ayambe lero kufuna womudziwitsa. Koma bwanji mainawo sali pa pepala lako? Anati pepalali likupita kwa opereka ndalama, ndipo sungalembe kuti nduna ikuopa chisankho pa pepala limene ndunayo ingadzalione. Ndiye pali mapepala awiri, loona ndi lotumiza? Anati loonalo nthawi zambiri limakhala m'mutu. Nanga mwini mutuyo akapeza ntchito kwina?

Ndinafunsanso ngati chithunzichi amachibwereranso. Akuti pamafunika kuchitsegula chaka chilichonse, kufufuta mivi imene yakanika n'kujambula ina. Koma ambiri amachitsegula kawiri, popempha ndalama ndi polemba lipoti lomaliza. Ine ndimaganiza kuti Mayi Weiss ankafuna kuti anthu aziona pamene panaterera. Ngati opereka ndalama amakondwera ndi lipoti lakuti mivi yonse inalasa, ndani angalembe kuti wachitatu unagwera m'tchire?

Ndipo ikalasa, walasa ndani? Mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Nkhondo imeneyo anaimenya ambiri: mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza imene inkathetsa maukwati a ana, atsikana eni ake, mabungwe a amayi, aphungu, atolankhani, ndi ofufuza amene ankawerenga kuchuluka kwa ana okwatiwa. Ngati bungwe lililonse linali ndi chithunzi chake, ndiye kuti lililonse linachonga bokosi lachinayi n'kulembera kwawo kuti tasintha lamulo. Mwanayo akuti masiku ano amaphunzitsidwa kunena kuti tinathandizirako, osati tinachititsa. Ndi ulemu wabwino, ngakhale sindikudziwa kuti kuthandizirako amakuyeza ndi sikelo yanji.

Palinso za nthawi. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, ofufuza ankapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi makolo awo, ena powalamula kuti azipita kusukulu, ena popanda lamulo lililonse. Anapeza kuti ndalama za lamulo zimasunga atsikana pasukulu, pamene zopanda lamulo zimachepetsa mimba ndi maukwati. Nkhaniyi inamveka dziko lonse lapansi. Atabwereranso patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zazimiririka. Ndiye nduna imene inathamangira lipoti loyamba ndi imene inadikira lachiwiri, womvera kafukufuku ndi uti? Pajatu pulojekiti imakhala ya zaka zitatu, ndipo bokosi lachinayi liyenera kuchongedwa zisanathe.

Koma funso limene landikhalitsa chete nthawi yaitali ndi la bokosi langa lija. Pa chithunzi chonse, ine ndikupezeka kawiri: koyambirira, ndikuyankha za mbuzi ndi denga, ndi kumapeto, umphawi utachepa. Pakati ponsepo mulibemo. Chonsecho tagwirizana kale kuti pa nkhani ya feteleza, munthu amene nduna imamuopa si pulofesa, si wopereka thandizo, koma ine ndi chala changa chopaka inki. Ngati muvi wopita ku bokosi lachinayi umathyokera pa ine, bwanji palibe muvi wobwera kwa ine? Zaka zonsezi za makuponi, sindinamvepo munthu atabwera pabwalo la amfumu kudzatiuza kuti mafunso tinakufunsani aja, mayankho ake ndi awa. Za makilogalamu 22 aja ndazimva koyamba kwa mwana wa mlongo wanga, pakhonde, ndipo lipoti lake lili m'Chingerezi, pa intaneti, kumene mayunitsi anga ogulitsa safikako.

Anatsegula bajeti ya pempho lawo pa kompyuta n'kundiwerengera. Muli ndalama za galimoto ndi alawansi ya ofunsa mafunso. Muli za msonkhano wa kuhotela ku Lilongwe, chakudya chamasana ndi mafuta a alendo olemekezeka. Muli zosindikizira timapepala ta masamba awiri toti akuluakulu otanganidwa awerenge msanga. Zobwerera kumidzi kumene anafunsako mafunso, kapena zogulira mphindi makumi atatu pa wailesi ya m'dera, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, mulibe.

"Komatu amalume," anatero, "tinene kuti tabwera, takufotokozerani zonse, manambala onse. Inuyo mungavomere kuti kuponi yanu ichotsedwe?"

Limeneli ndi funso labwino kuposa anga onse, ndipo sindinamuyankhe kuti inde. Ndinamuuza kuti ndingayambe ndafunsa kaye. Mlangizi amene mukuti adzalembedwa ntchitoyo adzafika liti m'mudzi mwathu, kuponi isanachoke kapena itachoka? Adzakhala ndi njinga? Ndalama zimene zapulumuka pa feteleza ndidzaziona bwanji kuti zapitadi ku damu la mthirira, osati kwina kumene ndalama za boma zimapita zikasowa? Chaka choyamba, nthaka isanabwerere mphamvu, ana anga adzadya chiyani? Ndipo zikadzakanika, ndidzapite kwa yani, poti inu pulojekiti yanu idzakhala itatha?

Mwanayo anatenga cholembera n'kuyamba kulemba mafunsowo kuseri kwa chithunzi chija. Akuti awiri mwa iwo angathe kufufuzidwa ndi ndalama zimene akupemphazo, akawachotsera tsiku limodzi la kuhotela. Enawo akuti si a kafukufuku, ndi a ndale, ndipo akawafunsa abwana ake Lolemba ngati n'zololedwa kuwaika pa tsamba loyamba.